Tayala la Saluni pa Ngolo ya Njerwa

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, mwina zinayi, poti kwathu ku Mlolo msinkhu wa mwana wamkazi ankauyeza ndi mtsuko umene akutha kusenza. Chinali chaka chotsatana ndi chilala chija tinadya chimanga chachikasu. Ng'ombe zathu zinali zitafa, n'kutsala ziwiri zokha zapagoli: Sitima, yakuda yamwano, ndi Maluwa, yofiira ya mawanga oyera, imene ndinailera ndekha ndi phala la gaga mayi wake atafa. Popanda ziwirizo, munda wathu wonse uja unali wa khasu. Atate, a Mbewe, analibe mwana wamwamuna, choncho wogwira chingwe kutsogolo kwa ng'ombe ndinali ine. Sukulu sindinaipondeko chifukwa chomwecho, ndipo izi akundilembera ndi mdzukulu wanga.

Ngolo yathu inkayenda pa matayala akale a vaneti, galimoto yonyamula katundu. Lakumanzere litatha, atate anapalasa njinga mpaka ku boma ku Chadiza, n'kubwera ndi lina atalimanga pakeliyala. Linali lokongola ndithu, mano ake onse alipo. Tinaligubuduza kupita nalo kwa a Zuze kuti akaliveke pa rimu. A Zuze anali a ku Mozambique, anabwera pothawa nkhondo, ndipo anzawo atayamba kubwerera iwo anatsala. Kwawoko ankamata matayala a malole. Khutu lakumanja analibe, ndipo palibe ankawafunsa kumene linatsala.

Analizunguza tayala lija, nawerenga zolemba za m'mbali mwake, n'kupukusa mutu.

"A Mbewe, ili ndi la saluni, galimoto yaing'ono. Linazolowera kunyamula bwana ndi mkazi wake basi. Ndi folo pulayi, nsalu zinayi zokha m'kati mwake. Linzakeli ndi eyiti pulayi, la katundu."

"Lalowa pa rimu kapena silinalowe?" anatero atate.

"Kulowa lalowa, onse ndi sayizi fotini. Koma taonani msinkhu." Anawaimika pamodzi, latsopanolo n'kupezeka lalifupi ndi zala zitatu. "Ngolo idzapendekeka, katundu yense adzatsamira kamwana aka."

"Inu munafika kuno ndi kamtolo pamutu, lero mundiphunzitse za ngolo?"

A Zuze analiveka. Koma atate atapita kukatenga pampu, anandigwira chala chachikulu n'kuchikanikiza m'mbali mwa tayala lakale. Munali gwa, ngati chikopa chouma. Anachikanikizanso pa latsopano, ndipo chinalowa ngati pa tsaya la khanda. "Iwe Velonika," anatero motsitsa mawu, "wapatsogolo ndiwe. Ukadzaona chotupa chatuluka apa, udzaimitse ng'ombe. Usadzadikire munthu."

Mwezi umenewo akhristu tinkatuta njerwa zomangira tchalitchi chathu, kuchokera pa uvuni wa kudambo, ndipo banja lililonse lokhala ndi ngolo linali ndi tsiku lake. Lathu linagwa pa Lachinayi, dzuwa la Okutobala likuwotcha mpaka m'mapazi. Atate anali atapopa tayala lija ndi pampu ya njinga mpaka thukuta kamukamu, ati likalimba ndiye lakula. Titapakira mulingo wa masiku onse, mlamu wa atate, a Daka, anaseka.

"Alamu, imeneyi ndi ngolo kapena lichero? Ndiye tchalitchi adzamaliza ndi adzukulu athu!"

Atate anangoyamba kusanja njerwa zina pamwamba, mzere pa mzere, mpaka zinapitirira matabwa a m'mbali. Njerwa si chimanga. Imaoneka yaing'ono, koma kulemera kwake kumamveka m'khosi mwa ng'ombe. Ponyamuka, ngolo inali itawerama kumanzere ngati nkhalamba yodwala chiuno, ndipo mbali imeneyo inali ya Maluwa.

Pali malo ena pamene njira imatsetsereka kulowa mumtsinje wouma. Tisanafike pamenepo ndinacheuka, n'kuchiona. Chotupa, kukula ngati nkhonya yanga, chikubwera n'kupita pamene tayala likuzungulira. Ndinayang'ana chotupacho, ndinayang'ana chikoti chili m'dzanja la atate, ndinayang'ana anthu amene ankatitsatira kumbuyo. Kuimitsa ng'ombe pamaso pa a Daka kunali ngati kunena kuti a Zuze ananena zoona. Ndinakoka chingwe kuti tipitirire.

Phuu! Linaphulika titafika pakati pa chitsetserekocho, ngati mfuti. Ngolo inagwada, rimu inakumba pansi, mtanda wokokera ngolo unapotoza goli. Sitima anathyola chikeyi, kamtengo komugwira khosi pagoli, n'kuliyatsa liwiro, kundikwekwereza pamiyala mpaka chingwe chinandisenda zikhatho. Ndikudzuka ndinaona ngolo ikugudubuka, njerwa zikukhuthukira pa Maluwa ngati khoma likugwa. Kulira kwake sindinakumvepo kwa ng'ombe ina iliyonse. Mwendo wakumbuyo unali utapindikira kumene mwendo supindikira, fupa lili poyera, mbee, ngati chinangwa chosenda.

Ndisanafike n'komwe pamene inagona, chikoti cha atate chinandipeza pamsana.

"Wakhotetsa ng'ombe, chitsiru iwe! Wandiphera ng'ombe!"

Chachiwiri chinang'amba diresi. Chachitatu chinandizinga m'khosi n'kundigwetsa. Ndinaleka kuwerenga. Fumbi linali m'kamwa, magazi akuyenderera m'nthiti, amayi ena akukuwa, koma palibe anayandikira, poti a Mbewe akakwiya ngakhale agalu ankasamuka pakhomo.

A Zuze anali m'gulu lotsatira ngolo. Pamene tayala linaphulika iwo anadziponya m'ngalande, manja kumutu, monga ankachitira kwawo. Anatulukamo nkhope yonse dothi. Chikoti chikutsika anachilandira ndi mkono, chinawazinga, iwo n'kukoka. Atate anawamenya chibakera pakamwa, dzino linagwa. Apo ndiye ndinaona munthu wina amene sitinkamudziwa. Anawanyamula atate m'chiuno, kuwabwanyula pa mulu wa njerwa, kuwagwadira pachifuwa, n'kutola njerwa yathunthu, kuikweza ndi manja awiri. Maso awo sankaona a Mbewe. Ankaona zina za kutali, za tsidya la malire.

"A Zuze!" ndinakuwa. "Ndi atate anga!"

Njerwa ija inakhala m'mwamba nthawi yaitali. Kenaka anaiyang'ana ngati wina wawapatsira, n'kuiponya kumbali. Anawadzutsa atate ndi kolala, kuwakokera pa ngolo, n'kuwalowetsa dzanja m'chibowo cha tayala. Mbali yonse inali itang'ambika ngati chitenje chakale.

"Mwanayu ndiye wang'amba apa?" anafunsa, magazi akutuluka m'kamwa.

Ng'ombe yothyoka mwendo ilibe chipatala. Maluwa anamuphera pomwepo, mumtsinje wouma, dzuwa lili paliwombo. A Daka, omwe aja a lichero, ndiwo anabwera ndi nkhwangwa. Ine anandiuza kuti ndichoke, koma ndinakana, ndinamugwira mutu. Anandinyambita zikhatho zosendekazo, lilime lake lokhakhala, mpaka nkhwangwa inatsika. Nyama inagawidwa mudzi wonse. Kwathu mphika unabwerera wodzaza, palibe anaidya.

Goli silikoka ng'ombe imodzi. Mvula itagwa tinalowa m'munda ndi makasu, ine ndi atate ndi amayi, ndipo tinalima theka lokha. Tsiku lina tikupanga mizere, amayi atatsogola, ndinalankhula.

"Atate, chotupa chija ndinachiona tisanafike potsetsereka."

Khasu lawo linaima. "Nanga osanena bwanji?"

"Ndinaopa chikoti."

Ndinadikira kuti andimenyenso. Anangoyang'ana pansi, n'kulavulira m'manja, n'kupitiriza kulima. Patapita masiku awiri ndinapeza nsapato pakhomo pa kanyumba kanga, zodula ku tayala lomwe lija, muyeso wa phazi langa ndendende. Pepani wa pakamwa sindinamumve mpaka anamwalira, ndipo zipsera zili pamsana mpaka lero.

Zaka zambiri ndinkati Maluwa ndinamupha ndine, ndi kukhala chete kwanga. Kenaka ndinkati anamupha ndi atate, ndi tayala lawo la saluni. Tsopano ndakula, ndikuona kuti tinathandizana. Iwo anagula tayala losayenera katundu wake, komanso anali atanditseka pakamwa kalekale, tsiku la njerwa lisanafike. Mkamwini wanga akamagula tayala la ngolo ndimapita nawo, ndimafunsa mapulayi, ndimaliimika pambali pa linzake. Koma chachikulu ndimauza mwana aliyense wogwira chingwe, pamaso pa atate ake, kuti akaona choipa akuwe, ngakhale pali alendo. Munthu amene umamumenya amaona zonse bwinobwino, koma sakuuza.