Tsiku limene ndinapita ku Zomba kukagula tsitsi

Ndinanyamuka pakhomo pathu kwa Malemia Lachitatu m'mamawa, mwezi wa Okutobala, dzuwa lisanayambe ukali wake. Amuna anga, bambo a Tiya, ndinawauza kuti ndikupita ku Zomba kukaona mitengo ya zinthu za pa chinkhoswe. Linali bodza limenelo. Ine ndinkapita kukagula tsitsi.

Tsitsi langa linayamba kuthothoka mwana wanga woyamba, Tiyamike, ali kusekondale. Silinachoke tsiku limodzi ayi. Linkatsalira pachipeso, papilo, m'beseni losambira, mpaka paliwombo panayamba kuoneka khungu. Abale inu, palibe chimene sindinapake. Mafuta a nsatsi, mapeyala, mazira, ngakhale madzi a anyezi, mpaka bambo a Tiya anandifunsa ngati akugona ndi mkazi kapena ndiwo. Kuchipatala anandiyeza magazi, ndipo matenda aja amene anthu amanong'onezana akaona tsitsi la munthu likupyapyala sanawapeze. Anangondipatsa mapilisi owonjezera magazi, koma tsitsi silinamve. Ndiye ndinamanga duku, kutchalitchi duku, kumunda duku, pogona kaduku kena kakang'ono. Tiyamike anamaliza sukulu n'kukayamba ntchito ku Blantyre asanaone mutu wa mayi ake.

Tsono chinkhoswe chake chinali Loweruka la sabata imeneyo, ndipo iye anali atandiimbira foni.

"Amayi, pa chinkhoswe changa musavale duku. Zithunzi zanu zonse mumaoneka ngati mukupita kukapalira. Ndikufuna muluke, mutchene."

Ndinayankha kuti chabwino mwanangu, koma mtima unali utagwa. Ndilukenso chiyani?

Ulendowu tinali awiri. Mnzanga woyandikana naye nyumba, Abiti Jafali, ankapita kukagulitsa mpunga kumsika wa Zomba. Tinakwera kabaza aliyense wake, thumba la mpunga linakweranso wakewake ngati munthu. Kukafika pamsewu wa tala pa Domasi anatilipiritsa K1,000 aliyense. Msewu wathuwu ndi wa fumbi ndi mabampu, ndipo ine dzanja limodzi ndinagwira chishalo, linalo linali pamutu.

"Mayi, gwirani ndi manja onse awiri, kutsogoloku n'kotsetsereka," anatero wakabaza.

"Iwe yendetsa njinga, za manja anga zisiye."

Pasiteji sitinachedwe. Inabwera minibasi yochokera ku Liwonde, kondakitala akukuwa kuti malo alipo ambiri, pamene m'katimo anthu anali atapanikizana anayianayi. Anatikankhira kumbuyo kwenikweni, K2,500 mpaka m'tauni. Pa Songani tinaima nthawi ndithu kudikira anthu ena oti aphinjike pa ife. Ogulitsa nthochi ndi chinangwa chophika anazinga mawindo, Abiti n'kugula zitumbuwa ziwiri, china n'kundipatsa. Pamenepo m'pamene ndinawanong'oneza zoona za ulendo wanga.

Sanadabwe n'komwe. "Amake Tiya, ine ndinaona kalekale. Pamjigo mukamatula ndowa duku limasuntha. Ndinangoti mwiniwake adzanena yekha."

Manyazi anandigwira, ndinasowa poyang'ana.

"Mukanabadwira kwathu ku Chisilamu bwenzi mulibe vuto," anapitiriza akugwira mpango wawo. "Ine uwu chiumangireni, palibe anandifunsapo zimene zili m'katimu. Mwina muli chimanga." Tinaseka mpaka mnyamata wa patsogolo pathu anacheuka. Kenako anatsitsa mawu. "Koma mwanayo muuzeni. Mukabisa matenda, maliro tidzamva."

"Ndidzamuuza chikatha chinkhoswe."

"Eya, mwatero."

Tinadutsa pa Chinamwali phiri la Zomba likuoneka lotuwa ndi utsi wa moto wa m'tchire. Pofika kudepoti dzuwa linali litakwera. Abiti anapeza mnyamata wa wilibala n'kulowera kumsika ndi mpunga wawo. Tinagwirizana kuti pobwerera aliyense aone msana wa njira payekha, popeza mpunga sutha nthawi imene mwiniwake akufuna.

Kasaluni kamene anandilozera kanali kuseri kwa msika, kachipinda kopapatiza, kagalasi limodzi ndi mitu yapulasitiki itandandalikidwa pashelefu, uliwonse ndi wigi yake. Ndinadutsa pakhomopo kawiri ngati ndikufuna njira ina. Kachitatu mtsikana wa m'menemo, dzina lake Mwayi, anandiitana.

"Lowani mayi, kuona n'kwaulere."

Ndinaloza wigi ina yaifupi yakuda, yosachititsa manyazi munthu wa msinkhu wanga. Ndinkafuna angondikulungira ndizipita.

"Iyayi mayi, muyese kaye. Wigi ili ngati nsapato. Masulani dukulo."

Pabenchi panali mayi wina akulukidwa meshi. Manja anga anakana. Ndinakhala pampandopo ndikuyang'ana galasi, ndipo ndinganene mosabisa kuti ndinkaopa kuposa tsiku limene ndinalowa m'chipinda chobadwitsira. Mayi wa meshi uja anazindikira, anayamba kutokosa foni yake. Ndinamasula.

Mwayi sananene kuti pepani, ndipo ndinamuthokoza mumtima. Anangoyendetsa zala m'mutu mwanga modekha. Tsitsi limene linatsala m'mbali ndi kunkhongo ndinkalikokera pamwamba n'kulimanga zolimba kuti liphimbe dazi.

"Mayi, lotsalali mukulizunza. Mukamalikoka chonchi nalonso lichoka, komanso wigi sikhala bwino pamfundo imeneyi. Bwanji timete lonse, mutu upume?"

"Mpala?"

"Mpala."

Ndinkasunga tsitsi limenelo ngati mbewu ya chaka cha njala. Koma nditaliyang'ana pagalasi lalikulu, osati kagalasi kanga kosweka ka kunyumba, ndinaona kuti ndinkasunga timatsitsi tosadzaza dzanja. Ndinavomera. Makina atalira kukhutu, misozi inayamba yokha. Ndinalira osasamala za mayi wa meshi, ndipo Mwayi anapitiriza ntchito yake osandiletsa. Atamaliza anandiveka wigi ija, n'kuipesa, ine kudziona ndinati mayi uyu ndi wa ku ofesi iti? Mtengo wake sindinena, bambo a Tiya amadziwa kuwerenga.

Ndinatuluka ndikuyenda ngati ndasenza dengu la mazira. Pachiwaya cha pafupi ndi depoti ndinadya chipisi cha kabichi ndi tsabola, ndipo wogulitsayo ananditchula kuti madamu. Ndinakwera minibasi yopita ku Liwonde dzuwa lili paliwombo, n'kukhala pakati, pawindo losatseguka.

Koma wigi ndi dzuwa la Okutobala ndi adani, makamaka pamutu wongometedwa kumene. Minibasi isanadzaze n'komwe thukuta linali likutsikira m'makutu. Itanyamuka, kunayamba kuyabwa ngati m'katimo mwalowa linthumbu. Ndinapirira mpaka pa Chinamwali, kenako ndinati zivute zitani. Ndinawerama, n'kuivula msangamsanga, n'kuiponya m'jumbo, dzanja linalo likufufuza duku m'chikwama. Duku kulibe. Ndinali nditalisiya pampando wa kusaluni.

Mayo ine! Chitenje ndinali nditachikhalira, ndipo mmene tinapanikiziranamo sindikanatha kuchimasula. Ndinaweramuka pang'onopang'ono, mutu uli mbee, pakati pa anthu osawadziwa.

Pambali panga panali bambo wina wachikulire wovala chisoti choluka. Anandiyang'ana mutu, anayang'ana maso anga ofiira ndi kulira kuja, anayang'ana chitenje changa chakuda. Paja kwathu kuno maliro akatha achibale amameta. Anaika dzanja pachifuwa.

"Pepani mayi. Zonse ndi Mwini wake. Atisiya ndani?"

Ndisanayankhe, mayi wina kumbuyo anandisisita paphewa n'kundipatsira nthochi. "Limbani mtima, mayi." Mawu anayenda mpaka kutsogolo kuti muno muli anamfedwa. Dalaivala anatsitsa wailesi. Ngakhale kondakitala, mtundu wa anthu osadziwa chisoni, anati, "Amayi awo angopereka theka."

Ndinayang'ana nthochi ija m'manja mwanga. Zaka zonsezi palibe munthu anandipepesapo, chifukwa palibe amene ndinamuuza. Chipepeso cholakwika chimenechi chinandifika pamtima, moti pang'ono ndiyambenso kulira. Koma kunamizira maliro n'kudziitanira tsoka.

"Ndi tsitsi, bambo," ndinatero. "Ladwala zaka zambiri. Lero ndiye taika."

Bambo aja anavula chisoti chawo, n'kuonetsa dazi lonyezimira mpaka kunkhongo.

"Langa linatisiya kalekale, mayi, koma palibe anabwera kudzagona pa siwa."

Anthu anafa nacho chiseko, ine ndemwe. Mayi wa nthochi anati ndidye ndithu, maliro ndi maliro. Kondakitala anatambasula dzanja. "Basitu mayi, ndiye perekani zonse." Mayi ujanso anayamba kufotokoza za mng'ono wake amene tsitsi linamuthera atabereka, wina n'kutchula za azakhali ake, ndipo pofika pa Songani minibasi yonse inali ikukamba za mitu ya abale awo. Pawindo panadutsa mnyamata wogulitsa mipango. Ndinamuyang'ana, koma sindinamuitane.

Ndinatsika pa Domasi chakumadzulo. Maganizo anga anali oti ndikwere kabaza, ndipo ndikayandikira kumudzi ndivale wigi ija. Ndikuyang'anayang'ana wakabaza, ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Amayi!"

Anali Tiyamike, ndi zikwama ziwiri. Tinkamuyembekezera Lachisanu, koma kuntchito anali atamumasula msanga. Anaponya zikwamazo pansi n'kuthamangira kwa ine, maso ali pamutu panga.

"Ndani? Amayi, ndani? Ababa?"

"Ayi mwanangu, palibe. Onse ali bwino. Tola katundu, tiye tiyende pansi."

Tinasiya msewu wa tala n'kulowa njira ya kumudzi. Ndinamuuza zonse, kuyambira pachipeso mpaka pa wigi imene inali m'jumbo. Ndinkalankhula ndikuyang'ana kutsogolo chifukwa nkhope yake ndinkaiopa. Ndinamulonjeza kuti Loweruka sindimuchititsa manyazi, wigi ndivala ngakhale iyabwe bwanji.

Titafika pamtengo wa mango pamene njira imakhotera kudambo, Tiyamike anaima n'kutula zikwama. Anayang'ana uku ndi uku. Kenako anagwira tsitsi lake lalitali lokongola lija, limene ndinkalinyadira pa zithunzi, n'kulikweza. Inali wigi. Pamwamba pa chipumi ndi paliwombo tsitsi lake linali litapyapyala, khungu likuonekera, monga mmene langa linayambira.

"Chaka chatha," anatero. "Ndimaganiza kuti ndine ndekha kubanja kwathu. Ndimati ndikakuuzani muyamba kuganiza zina."

"Nanga bambo akukufunsirawo akudziwa?"

Anapukusa mutu.

Chisoni chimene ndinamva pamenepo chinaposa cha kusaluni. Mwana wanga anakhala chaka chathunthu ku Blantyre akutola tsitsi papilo yekhayekha, akuopa, pamene mayi ake odziwa njira yonseyi anali kuno atamanga duku. Ine ndinkati ndikubisa manyazi anga, osadziwa kuti kubisako kukumusiya mwana wopanda womufunsa.

Ndinamugwira mutu ndi manja onse awiri, monga ndinkachitira pomusambitsa ali khanda. Ndinamuuza kuti sabata yamawa tipitira limodzi kuchipatala, poti lake langoyamba kumene, ndipo zolikoka ndi zoliwotcha ndi mankhwala asiye. Za anyezi ndinamuuza kuti asayese n'komwe. Anaseka misozi ili m'masaya.

"Koma tikafika kunyumba uwaimbire bambowo," ndinatero. "Abwere mawa adzaone mutu umene akufunsira. Loweruka lisanafike."

"Nanga akakana, amayi?"

"Akakana, ndiye kuti amafunsira wigi. Tidzawakulungira apite nayo."

Ndinasenza chikwama chake chachikulu pamutu wanga wampala, popanda nkhata, ndipo chinandipweteka njira yonse. Iye ankabwera pambuyo panga, wigi yake ili m'manja.