Chitsime chimene a Laisoni sanatsirize

A Laisoni Mbewe akumba zitsime kwa zaka zoposa makumi atatu, kuyambira ku Golomoti mpaka kumidzi ya kumunsi kwa Mtakataka, koma mukawafunsa kuti akumba zingati amangoseka. Ndi munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, ndipo amayenda chowerama pang'ono ngati akadali m'dzenje. Salankhulalankhula. Ine ndinawadziwa chaka chimene ndinapuma ntchito ya uphunzitsi, nditatopa ndi kulimbirana mzere pa mjigo ndi anthu amene ndinawaphunzitsa ndekha kugwira pensulo. Ndinawaitana kuti andikumbire chitsime changa pakhomo.

Tsiku lachiwiri tinatsala pang'ono kuyambana. Wokumba wina aliyense amataya dothi pamulu umodzi, koma iwo ayi. Akatsika mkono umodzi, dothi la mkono umenewo limakhala ndi mulu wakewake, ndipo miluyo amaindandalika motsatana kuyambira pakamwa pa dzenje. Pofika masana bwalo langa linali ngati munda wa mbatata. Nditadandaula, anandiyankha ali m'dzenje momwemo.

"Aphunzitsi, ana anu aja munkawakhazika onse m'kalasi imodzi?"

Atatuluka anandiyendetsa mulu ndi mulu. Woyamba unali makande akuda, odzaza timizu. Anati dothi lotere ndi la zaka za mtendere, pamene udzu unkamera, kufa ndi kuwola popanda chousokoneza. Kenako panali mchenga, kenako nsangalabwi zosalala, ndipo anati mwala susalala wokha, amausalalitsa ndi madzi othamanga. Mulu womaliza unali dongo lotuwa, lofewa ngati ufa. Anatola chibuma chimodzi n'kuchiswa ndi chala, ndipo mkati mwake munali tizigoba ta nkhono toyera.

"Izi si nkhono za kumunda," anatero. "Ndi za m'nyanja. Nyanja inagonapo pano, ndipo inagona nthawi yaitali, chifukwa dongo lotere limakhazikika pamadzi odekha."

Kuchokera pakhomo panga kukafika kunyanja ndi ulendo wa maola awiri wapansi. Tsiku lotsatira anandibweretsera chibuma china cholimba ngati mwala, chokhala ndi chidindo cha minga ya kansomba, msana ndi nthiti zonse zikuoneka. Ndinachita manyazi, sindibisa. Zaka zonse zija ndinkalemba pabolodi kuti madzi a nyanja ankafika kutali kuposa lero, ndiponso kuti dothi la pansi ndi lakale kuposa la pamwamba. Ana ankaloweza, ine ndinkachonga. Koma ndinali ndisanazigwirepo ndi dzanja, ndipo amene anandigwiritsa ndi munthu woti sukulu analekezera sitandade 3.

Kwawo kwenikweni kwa a Laisoni ndi kumtunda, kumapiri a Dedza. Anatsika ali mnyamata kudzafuna ganyu, n'kupeza mkulu wina wokumba zitsime amene ankasowa womukokera ndowa. Anakoka ndowa zaka zinayi, ndipo mkuluyo atayamba kudwala msana, iwo ndi amene analowa pansi. Nthawi yomweyo anaonana ndi mayi Ida, nakwatira, nakhala pachikamwini m'mudzi mwa akazi awo. Akhalamo mpaka imvi, ana anayi abadwira momwemo, theka la mudzi limamwa madzi a m'zitsime zawo. Koma mkamwini ndi mkamwini. Pakakhala nkhani ya malo amakhala kumbuyo, n'kumamvetsera eni mbumba akulankhula, ndipo sindinawamvepo akudandaula.

Nkhani inabwera chaka chatha, pamene Bernadeta, mwana wawo womaliza, ankafuna kumanga nyumba ndi mwamuna wake Jeremiah. Malo anawapatsa ndi malume ake, a Bizwick, mlongo wawo wamng'ono wa mayi Ida, amene anabwerera kumudzi atapuma ntchito m'tauni. Anali malo okongola, osalala, apafupi ndi msewu, mtsinje uli chapatali ndithu kum'mawa. Jeremiah anaumba njerwa n'kuziwotcha pomwepo. A Laisoni, posowa china chopatsa mwana wawo, anati amukumbira chitsime, ndipo Jeremiah ndi amene ankawakokera ndowa apongozi akewo.

Ine ndinali nditatengera kale chizolowezi chokaona milu yawo kulikonse kumene akukumba, choncho tsiku lachitatu ndinapitako. Ndinawapeza atakhala pa chidebe, akuyang'ana miluyo, fodya ali m'manja osayatsa. Makande a pamwamba anali ochepa, osafika ngakhale m'chiuno. Pansi pake panali mchenga wokhakhala wosakanikirana ndi miyala yaikulu ngati mango. Kenako kamzere kakuda kopyapyala, kenako mchenga ndi miyala, kamzere kena kakuda, mchenga ndi miyala kachitatu.

"Katatu," anatero. "Madzi adutsa pano katatu, ndipo si madzi a mvula ya pabwalo. Madzi onyamula mwala wotere amanyamulanso nyumba."

Anakhala masiku awiri asanalimbe mtima. Kenako anavala malaya a kutchalitchi n'kupita kwa alamu awo, atandipempha kuti ndiwaperekeze. Panali a Bizwick, mayi Ida, Bernadeta ndi achibale ena angapo. A Laisoni anafotokoza bwinobwino, miyala itatu ili m'manja.

"Tamva, alamu," anatero a Bizwick. "Koma madzi amenewo anadutsa liti?"

"Sindikudziwa."

"Simukudziwa?"

"Dothi limandiuza chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira. Chaka silinena."

"Ndiye kuti mwina ndi madzi a Nowa," anatero a Bizwick, ndipo anthu anaseka. "Madzi amene anavuta makolo athu tonse timawadziwa. Ine ndinali ndisanabadwe, koma achemwali anga awa analipo. Achemwali, nyumba ya amayi inali kuti?"

"Kutsidya kwa mtsinje," anayankha mayi Ida motsitsa mawu. Nkhani imeneyo sankaikonda, ndipo pamudzi panalibe amene ankawafunsa.

"Mwamva? Kutsidya. Kuno madzi sanafikeko. Alamu, inu zanu ndi zitsime, ndipo timakuyamikani. Za malo tisiyireni eni ake."

Mawu amenewo anandipsetsa mtima kuposa mmene anawapsetsera a Laisoni. Chimene chinawabaya iwo ndi cha Bernadeta, amene anawatsatira panja misozi ili m'maso. "Bambo, njerwa tawotcha kale. Mvula ili pafupi. Mukufuna tikhalebe m'kanyumba ka udzu kaja mpaka liti?"

Pobwerera ndinawakalipira. Ndinati akanangonena kuti madziwo anadutsa zaka makumi asanu kapena asanu ndi limodzi zapitazo, ndani akanawatsutsa? Palibe wina m'mudzi muno amene amatsika pansi. Moyo wa mwana wawo ndi zidzukulu zawo sungaposedwe ndi kabodza kamodzi.

"Aphunzitsi, inu mukundiphunzitsa bodza?" anatero akumwetulira pang'ono. "Ndikanama lero, mawa ndikadzauza munthu kuti apa pali madzi, ndidzadzikhulupirira bwanji ndekha?"

Ndinawasiya ndili wokwiya. Ndinkaona kuti ndi kuuma mutu, ndipo mwina kunali kuuma mutu ndithu.

M'mawa mwake anabwerera kudzenje, koma sanapitirize kutsika. Anayamba kulikuza cham'mbali, akuchotsa makande ndi mchenga woyamba uja mpaka pa kamzere kakuda ka pansi pake. Anali ataonamo timakala pamene ankadutsa koyamba, ndipo ankafuna kudziwa ngati anali makala a moto wa kutchire kapena a moto wa munthu. Jeremiah ankaona kuti ntchitoyo ndi yopanda mutu, maziko a nyumba ake anali atayeza kale ndi chingwe, koma sakanakana kukokera ndowa apongozi ake. Anakoka masiku awiri.

Tsiku lachitatu fosholo inayamba kutulutsa phulusa. Kenako mapale a mphika. Kenako mafuwa atatu, akuda ndi utsi, ali chikhalire mmene mwini wake anawasiyira. Chapafupi pake panali mwala waukulu wafulati wovundikirika, umene anautulutsa awiri ndi chingwe. Atautembenuza anapeza kuti ndi mphero.

A Laisoni sanasangalale. Anandiuza kuti izi zikungoonetsa kuti panali nyumba ndipo mchenga unaikwirira, koma alamu awo afunsanso funso lomwe lija, ndipo yankho likhala lomwe lija. Anthu akhala akupera mawere kuyambira kalekale.

Dzuwa lili pamutu mayi Ida anafika ndi chigubu cha madzi akumwa. Chiyambire tsiku la msonkhano lija sankalankhulana bwino ndi amuna awo, moti anangoika chigubucho pansi n'kutembenuka kuti azipita. Ndiye anaona mpheroyo. Anaima. Anatenganso chigubu chija n'kuthira madzi onse pamwalapo, akupukuta matope ndi dzanja. Mpheroyo inali ndi maenje awiri, lina lalikulu, lina laling'ono pambali pake, losazama.

Anakhala pansi padothi pomwepo, chitenje chawo chatsopano osachisamala.

"Ili ndi la amayi," anatero, dzanja lili m'dzenje lalikulu. Kenako analisuntha. "Ili ndi langa. Anandisemera atate kuti ndizileka kulira amayi akamapera."

Jeremiah anavula chipewa.

"Koma inali kutsidya," anatero mayi Ida, akuyang'ana amuna awo ngati akuwapempha kuti awatsutse. "Ndikukumbuka bwino. Popita ku Mua tinkawoloka mtsinje."

A Laisoni anatuluka m'dzenje n'kuyang'ana kumadzulo, cha kumsewu, kumene kuli kachigwa kosaya kodzalidwa nthochi ndi nzimbe. Anakumbako zitsime ziwiri zaka za m'mbuyomo, ndipo zonse zinali nsangalabwi zokhazokha kuyambira pamwamba.

"Simunaiwale, mayi a Bernadeta," anatero mofatsa. "Mtsinje unkadutsa apo pali nthochipo. Tsiku la madzi osefukira lija unasiya njira yake, unadzera pano, n'kukadzikumbira ina kum'mawa. Nyumba sinasunthe. Unasuntha ndi mtsinje."

Pamenepo zonse zinamveka. Mayi Ida anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene banja lawo linathawira kumtunda, ndipo linakhala kumeneko zaka zambiri. Pobwerera akuluakulu amene ankadziwa malowo anali atamwalira, mitengo yakale itapita, paliponse pali thengo. Otsalawo ankangodziwa mawu amodzi akuti kutsidya, ndipo anawerengera kuchokera pa mtsinje umene anaupeza. Kwa zaka zonsezi mudzi wonse unkaopa tsidya lolakwika.

Anatuma Jeremiah kukaitana mkazi wake ndi a Bizwick. Atafika, a Laisoni anabwerera kumbuyo monga mwa chizolowezi chawo, n'kukaima pafupi ndi ine. Analankhula ndi mayi Ida, ali chikhalire pansi, ndipo sanakweze mawu.

"Bizwick, iwe unabadwira kumtunda, sunaone. Kuno kunalibe ndi mvula yomwe, inagwa kumapiri. Tinangomva mkokomo, amayi n'kundikoka dzanja. Mwana wanga samanga pano."

A Bizwick anayang'ana mphero, n'kuyang'ananso mafuwa. Si munthu woipa, amangokonda kuti mawu omaliza akhale ake. Tsiku limenelo anawasiyira achemwali awo. Anangofunsa Jeremiah ngati angapeze ngolo yosamutsira njerwa kupita kumunda wa kuchitunda, ndipo anati ng'ombe abwereka iwo. Bernadeta analira, ndipo sindikudziwa ngati ankalirira nyumba yake kapena ya agogo ake. Mwina zonse.

Anthu atayamba kubalalika, a Laisoni anayandikira akazi awo. Ndimawadziwa, chitsime chosatsirizidwa chimawasowetsa mtendere, ndipo m'moyo wawo wonse anali asanasiyepo ngakhale chimodzi panjira.

"Dothi layamba kunyowa," anatero. "Kwatsala mikono iwiri kuti madzi atuluke. Ngakhale pasakhale nyumba, anthu olima kuno akhoza kumamwa. Nditsirize?"

Mayi Ida anapukusa mutu. Anayang'ana mchenga umene unali usanakumbidwe, kuseri kwa pamene panali mafuwa.

"Kwirirani, bambo a Bernadeta. Tinali ana awiri tsiku limenelo. Mng'ono wanga Yunisi anali atagona m'nyumba, ndipo sitinamupeze."