Chipsera pa Chibwano cha Maria

Amuna anga anali osema ziboliboli. Tikukhala ku Kawale m'zaka za m'ma 2000, ankasemera kuseri kwa nyumba n'kumakagulitsa kwa azungu m'tauni. Luso analitengera kutchalitchi cha mishoni kwawo ku Dedza, kumene anakula akuyang'ana chiboliboli chakalekale cha Maria atanyamula mwana. Koma Maria wawo iwo ankamuveka duku ndi chitenje, mwana ali kumbuyo.

Zimenezo ine ndinalibe nazo kanthu. Chinandisowetsa mtendere n'chipsera. Maria aliyense, wa m'bawa kaya wa mlombwa, ankatuluka ndi kachipsera pachibwano, chakumanzere. Poyamba ndinkati mpeni waterereka. Koma mpeni ungamaterereke pamodzimodzi chaka chonse? Nanga ndi Baibulo liti limati Maria anagwera pamwala?

"Abambo, nkhope iyi ndi ya ndani?" ndinawafunsa tsiku lina akupaka polishi.

"Ya Maria."

"Maria wa ku Biwi kapena wa ku Chinsapo?"

Anangoseka n'kupitiriza kupaka. Mtima unandiwawa, chifukwa mmene chala chawo chinkadutsira pachibwanopo, ine anali asanandigwirepo choncho.

Basi ndinasanduka wapolisi. Pampopi, kuchigayo, m'minibasi, maso anga anali pa zibwano za akazi anzanga. Mayi wina wogulitsa usipa mumsika ndinamuyang'anitsitsa mpaka anandifunsa ngati ndikudwala. Ndinali nditatsimikiza kuti ndikangomupeza mwini chipseracho, ndimanga katundu wa kwathu.

Kenako kunabwera alamu anga, achemwali awo aakulu, kudzaonetsa maso kuchipatala. Atazungulira kuseri kuti akasambe, anaona ziboliboli zija n'kuima chilili, beseni lili m'manja.

"Mpaka pano akumusemabe?" anatero chapansipansi.

"Ndani, alamu?"

Anandiyang'ana n'kuzindikira kuti sindikudziwa kanthu, koma mawu anali atatuluka kale. Anati ameneyo anali mkazi wawo woyamba, wa kumudzi. Chipseracho anachitenga atagwa panjinga ali mtsikana. Anamwalira pobereka, pamodzi ndi mwana yemwe, amuna anga ali kuno kutauni kusaka ntchito.

Ndinatembenuza chiboliboli chimodzi, kenako china. Pa zonsezo, mwana wa kumbuyo uja anali atafunditsidwa chitenje mutu wonse. Nkhope yake sanaisemepo, poti sanaione.

Katundu sindinamange. Akanakhala mkazi wamoyo ndikanamupeza n'kumuyalutsa pagulu. Uyu ndinkangomupukuta fumbi Loweruka lililonse, asanapite naye kumsika.