Mbaula Yopanda Moto

Mkulu wa nyumba yoyandikana ndi yanga kuno ku Scranton, ku America, sakhazikika. Mapapo ake anatha ndi fumbi la mumgodi, koma amangozungulira m'makomo mwa anthu, akutsokomola, kusaka amene ayambana. Pakhoma pake anapachika chithunzi cha Roosevelt, pulezidenti uja anaitanitsa eni migodi ndi okumba malasha kuti akambirane pa sitalaka ya 1902, anthu akuopa kufa ndi chisanu. Mawu ake ndi amodzimodzi: "Ngati mabwana aja anakhala pansi, inu ndinu ndani?"

Ine mbiri imeneyi ndinaiphunzitsa kusukulu, ndipo ndinamuuza kuti mabwanawo anatuluka pamsonkhanopo atakwiya. Samva.

Mwezi watha anandiitana kukamwa khofi. Nditalowa ndinapeza mng'ono wanga Emlyn, amene ndinasiya kulankhula naye kuyambira pamene anagulitsa nyumba ya bambo athu osandifunsa. Mkuluyo anakhoma chitseko, kiyi n'kuika m'thumba. Kunja kunali chipale chofewa, mbaula ili zii.

"Aphunzitsi, malasha ali pa sitalaka," anatero. "Sindisonkha moto mpaka mumvane."

Tinakhala pansi, mano akuombana, mkuluyo akuzungulira tebulo. Kenako chifuwa chinamugwira, n'kupindika, milomo itada.

"Achimwene, munthuyu atifera," anatero Emlyn.

"Tenga malasha, chitsiru iwe!" ndinakalipa, uku ndikumufunditsa mkuluyo chikhoti changa.

Mkuluyo anaseka, mpweya ukumuthera. "Mwalankhulanatu."

Za nyumba ija sindinakhululuke. Koma Emlyn amabwera Lamlungu lililonse kudzamva zimenezo.