Tebulo la Loweruka la Bambo Osborne

Bambo Osborne anali khansala kwa zaka 26 m'tauni ina ya migodi ya malasha ku Wales. Asanalowe ndale ankayendetsa basi. Ku nyumba ya malamulo sanafikeko, ndipo sankakufunanso. Ankanyadira chinthu chimodzi: akuluakulu atafuna kuchotsa basi ya m'mamawa ya anthu apantchito, iwo anakakamira mpaka akuluakuluwo anatopa n'kuisiya. Pa chisankho chomaliza anagwa, mkazi wawo n'kumwalira. Mwana wawo Janet anawabweretsa ku Walsall, ku England, kunyumba yosamalira okalamba kumene ine Dorica ndimagwira ntchito.

Anali atayamba kuiwalaiwala, koma Loweruka sankaliiwala. Ali khansala, tsiku limeneli ankakhala pa tebulo kumva madandaulo a anthu. Ndiye kunonso ankamanga tayi, kukokera tebulo pafupi ndi khomo la chipinda chochezera, kutsegula kope, n'kumadikira. Okalamba anzawo ankangowodzera pa TV.

"Dorica, khala pansi. Chikukuvuta n'chiyani?"

"Palibe, bambo. Zonse zili bwino."

Bodza lenileni. Basi yanga ya m'mawa yochokera ku Oldbury, kumene ndinkakhala, inali itachotsedwa, moti ndinkayenda wapansi theka la ola m'chisanu kukakwera ina, zala zitauma gwa. Koma kwathu ku Ntcheu wamkulu akakufunsa umati uli bwino, ndipo wodwala sumusenzetsa mavuto ako. Bupe, mnzanga wa ku Zambia, ankandiwonjezeranso mantha: "Iwe, usamapange complain kwa ma resident. Visa yako ili ndi eni ake."

Bambo Osborne ankagwedeza mutu, kulemba kanthu, n'kutseka kope. Ine ndinkadziona waulemu kwabasi. Uchitsiru wake!

Anamwalira mu February. Janet akulongedza katundu anandipatsa kopelo, akuti dzina langa ndi limene ladzaza m'menemo. Loweruka lililonse munali mzere umodzi: "Sikunabwere munthu. Dorica akuti ali bwino." Pa tsamba lomaliza bambowo analemba kuti: "Nsapato za Dorica zanyowanso. Sakundiuza. Mwina waona kuti sindingathenso kanthu."

Basiyo sakanaibweza, ndikudziwa. Koma akanalemba kalata, n'kumafunsa m'mawa uliwonse ngati yankho labwera. Zimandiwawa mpaka lero. Ndinawasambitsa ndi kuwadyetsa zaka ziwiri, koma chimodzi chokha chimene ankandipempha ndinawamana, n'kumati ndi ulemu.