Tochi ya Wamawailesi

Mumsewu wonsewo ankangomutchula kuti Wamawailesi. Kashopu kake kanali kopanikizika pakati pa telala ndi wometa, ndipo kankanunkha mtovu wosungunuka chaka chonse. Wailesi yakufa ankayamba wainunkhiza, kenaka n'kuloza pomwe papsa. Mwana wake wamkazi anakulira pabenchi pomwepo, atagwira tochi kuunikira m'mimba mwa mawailesi. "Usagwedeze dzanja, iwe," ankamukalipira, koma mumtima akunyada.

Zinthu zinatembenuka mtsikanayo atalowa sukulu ya zaluso. Anabwera ndi kabolodi ka zamagetsi kochepa ngati bokosi la machesi, kokhala ndi kaubongo kamene umachita kukalembera malamulo pakompyuta. Ankafuna kuti dothi la m'dimba likauma, kaubongoko kazidzutsa pampu popanda munthu. Za malamulozo bambo ake sankatolapo kanthu. Wozidziwa anali malume wa mtsikanayo, mlamu wake wa Wamawailesi, munthu woti chibadwire sanasinthepo ndi fyuzi yomwe.

Ndiye m'nyumba munangoti "amalume akuti", "amalume andionetsa", mpaka pa chakudya. Nsanje inamudya bambo uja, tisabise. Mwana wolera yekha, lero azikatapa nzeru kwa munthu wa manja osalala ngati a khanda?

Tsiku lina mtsikanayo anasiya ntchito yake pabenchi n'kupita kukagula mabatire. Wamawailesi anaima n'kuyang'ana mawaya a pakabolodi kaja: ongosomeka m'timabowo take, osawotcherera, opiringizana ngati chisa cha khoswe.

"Ntchito ya alamu imeneyi," anatero akutsonya.

Anawazula onse. Anawadula mofanana, ofiira mbali ino, akuda mbali iyo, n'kuwawotcherera mwaukhondo monga amachitira ndi wailesi. Kukongola kokha zinakongola. Chimene sankadziwa n'chakuti malamulo aja amaitana kamwendo kalikonse ka kaubongoko ndi nambala yake, ndipo iye anali atasinthanitsa mawaya pa timiyendoto.

Mtsikana atabwera anayatsa. Zii. Pampu osatsokomola n'komwe. Chionetsero cha kusukulu, chomwe aphunzitsi amaperekera malikisi, chinali mawa lake.

Sanakalipe mwanayo, ndipo n'zimene zinam'pweteka kwambiri bambo wake. Anayang'ana mawayawo nthawi yaitali, n'kungoti, "Ababa, ndiperekezeni kwa amalume. Mutenge chowotcherera chanu chija."

Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Wamawailesi anatseka shopu dzuwa likadali pamutu n'kutsatira pambuyo.

Mlamuyo anawalandira ndi nsangala, osanyoza ngakhale pang'ono, moti panalibe poyambira mkangano. Iye ndi mtsikana anaweramira pakompyuta, mitu itagundana, akuwerengetsana manambala ndi kuseka zinthu zomwe Wamawailesi sankazimva. Ntchito ya Wamawailesi inali kumasula waya aliyense amene amulozera. Kenaka mtsikanayo, osacheuka n'komwe, anatambasula mkono n'kumupatsa tochi.

"Ababa, unikirani apa. Musagwedeze dzanja."

Wamawailesi anailandira tochiyo, n'kuunikira pomwe mwana wake analoza.