Mabuku a pakhonde pa Mayi Nakayange

Mayi Ivy Nakayange anabadwa pa 14 Malichi 1968 m'mudzi woyang'anizana ndi nkhalango ya Mughese, ku Misuku. Sukulu analekezera Folomu 2 mu 1985 bambo awo atamwalira, koma kuwerenga sikunawachoke pakamwa. Mpaka lero ndiwo amawerenga zolengeza kutchalitchi, ndipo mawu awo amamveka ngakhale kwa ochedwa amene aima panja. Masiku ena onse amakhala m'munda wa khofi ndi nthochi.

Mwana wa mlongo wawo, Towera, anayamba kuona mbuu ali kupulayimale, ndipo pofika 2021 maso anali atazimiratu. Anaphunzira zilembo za timadontho zowerenga ndi zala, n'kusankhidwira kusekondale yogonera komweko. Koma mabuku a timadontho anali ochepa, la Bayoloje kunalibiretu. Temu yoyamba ya Folomu 3 sanakhoze, ndipo bambo ake, a Elijah, sanapite m'mbali.

"Akalepheranso pakutha pa chaka, abwerere kumudzi. Tisamangomuzunza mwanayu."

Mphunzitsi wake, Mayi Tionenji Phiri ochokera ku Dowa, ndiwo anabweretsa nzeru. Anabwereketsa buku, nati munthu wowerenga bwino aliwerengere m'foni, mawuwo aikidwe m'memore, Towera azimvera pa kawailesi. Mayi Nakayange sanadikire kupemphedwa kawiri. Pa 27 Disembala 2023 anakhala pakhonde, foni ataitsamiritsa pa mtondo, n'kuyamba mutu woyamba.

Tsono nyumba yawo ili m'mbali mwa njira ya kuchigayo, ndipo ku Misuku munthu sadutsa pakhomo pa mnzake kukamwa kuli chitsekere. Akati "Mwaghona!" iwe uyankhe "Ena, mwaghona!", ufunse za ana, za ng'ombe, za amene anadwala dzana. Kuimitsa foni mayiwa sankadziwa, ndipo ankaopa kuikhudza. Moni yense analowa m'buku.

Atamvera zimene anajambulazo anagwira pakamwa. Pakati pa nkhani ya magazi panali a Lines, oyandikana nawo nyumba, akubwereka nkhwangwa. Pena tambala, pena mkangano wa mbuzi yolowa m'munda. Nthawi yokonza inalibe, choncho Towera anapita nayo memoreyo momwemo. Koma manyazi anawadya mayiwa temu yonse. Buku la sukulu likhale ngati msika?

Mu Malichi 2024 anabwerekanso buku kwa mwana wina wa m'mudzimo, n'kumakadzitsekera m'tchalitchi mkati mwa sabata. Owaona pawindo akapereka moni, iwo ankangoweramira pa tsamba. Anthu anayamba kunong'ona kuti a Nakayange foni yawalowetsa matama. Zinawapweteka, koma anapirira mpaka anabwereza mitu yonse imene anali atajambula kale, mawu oyera opanda chosokoneza. Towera atabwera ku holide ya Pasaka, mayiwa anatenga memore ija mwakachetechete n'kupita nayo kwa Trevor, amene amaika nyimbo m'mamemore pamsika. Anamuuza kuti achotse zakale, aike zatsopano. Ankati amudzidzimutse mwanayo ndi chinthu chabwino.

Pa 2 Meyi foni inalira. Anali Towera, pa foni ya aphunzitsi.

"Azakhali, mwandichotseranji masamba anga?"

"Masamba atinso, mama? Si ndakukonzera bwinobwino?"

"Mwakonza chiyani? Za mtima zinali pamene a Lines anabwera kudzabwereka nkhwangwa. Za impso zinali pamene anadutsa ogula nthochi aja ndi Chiswahili chawo. Ndikafuna mutu ndinkangothamangitsa mpaka ndimve munthu wake. Pano ndi inu nokhanokha kuyambira m'mawa, sindidziwa pamene ndili, mabatire akungotha. Mayeso ali pafupi, azakhali!"

Mayi Nakayange anakhala pansi. Iwo powerenga amaona nambala ya tsamba, chithunzi, pamene pepala linapindika. Sanaganizepo kuti womvera alibe zonsezo, ndi kuti anthu odutsa aja ndiwo anali zizindikiro zake.

M'mawa mwake analawirira kumsika, mtima uli m'mwamba.

"Trevor mwana wanga, zija unachotsa zija, zinapitiratu?"

Trevor anaseka mpaka kugwira tebulo. "Amama, m'memore ndinachotsa, koma m'kompyuta ndingafufute zimene zija? Ndikatopa ndimamvera inu ndi a Lines mukukangana za mbuzi. Kuposa sewero la pawailesi!"

"Iwe, ulibe ulemu," anatero mayiwa, misozi ili m'maso. "Ndagha, zikomo mwana wanga. Ika zonse msanga."

Zonse zinaikidwa m'memore ina, imene inapita kusukulu pa galimoto ya matola tsiku lomwelo. Mitu yotsala anaiwerengera pakhonde pomwe paja, atayamba apepesa kwa onse amene anawamana moni. Anthu atamva chifukwa chake, anayamba kudutsa mwadala. A Lines ankafika n'kuweramira pa foni: "Towera, ndine! Apa ndiye pa mapapo, usaiwale!" Ena ankakhala pansi kumvera nawo, n'kumafunsa ngati n'zoona kuti chakudya chimayenda mtunda wonsewo m'mimba.

Sukulu itatsekera mu Julayi, Mayi Phiri anaimba okha. Towera anali atakhoza, ndi Bayoloje yomwe. Ananenanso kuti kusukuluko kukuyembekezeka mabuku a m'makina olankhula, amene munthu amadumpha nawo kupita pa mutu umene akufuna, koma anapempha kuti a Nakayange asaleke, poti mabuku ofunika ndi ambiri.

Pa 15 Sepitembala 2024 a Elijah ananyamula okha sutikesi ya mwana wawo mpaka pa siteji, Towera atagwira mkono wa azakhali ake, akupita kukayamba Folomu 4. Galimoto isananyamuke, a Elijah analowa m'kagolosale n'kutuluka ndi paketi ya mabatire.